Gawo 14: Agogo omwe anakulira m'kati mwa linga la King John's Castle

Moni nonse abale anga kulikonse komwe mukumvera, kaya muli mu minibasi ya ku Limbe, kaya muli pa shifiti ya usiku ku Leeds kapena ku Joni, takulandirani. Ndine mnzanu uja wa ku Limerick kuno ku Ireland. Mundikhululukire mawuwa akusasa pang'ono, mphepo ya Loweruka inandilowa m'chifuwa, ndipo nkhani ya lero ndi ya komwe ndinaitenga mphepoyo.

Amene mwakhala mukunditsatira mukudziwa kuti ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndiye pali agogo ena aakazi kuntchito kwathu, dzina sinditchula, zaka zadutsa 80, masiku ena amandizindikira masiku ena amandifunsa kuti ndine mwana wa ndani. Sabata yatha ndikuwapesa tsitsi m'mawa, iwo angoti, iwe mwanawe, ukudziwa kuti ine ndinakulira mu kasolo? Ine ndinangoti eya agogo, poganiza kuti ndi ukalamba basi, paja nthawi zina maganizo amawasokonekera. Koma iwo anaumirira, akuti mayi anga ankayanika zovala m'kati mwa mpanda wa mfumu, ife tinkasewera mpira n'kumaumenyetsa ku khoma lomwelo. Pa nthawi ya tiyi ndinafunsa mnzanga wa konkuno yemwe timagwira naye, iye anandiyang'ana n'kunena kuti n'zoonatu zimenezo, munali nyumba za khonsolo m'menemo. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndinali nditawaweruza kale mayi aja mumtima kuti akubwebweta, chonsecho amandiuza mbiri ya moyo wawo.

Ndiye Loweruka ndinali ofu, ndinavala jekete yanga n'kuyenda wapansi mpaka ku King's Island, chilumba chomwe pali linga la King John's Castle. Zaka zitatu ndili mu tauni ino, linga limenelija ndimaliona pafupifupi tsiku lililonse ndili pa basi tikamawoloka mtsinje, koma kulowamo ayi, ndimangoti ndi za alendo oyenda ndi makamera, ife tinabwerera ntchito ndi kutumiza ndalama kumudzi.

Kwa amene simunafikeko kuno, ganizani chimpanda chachikulu cha miyala yotuwa, chili ndi nsanja zozungulira ngati nkhokwe zikuluzikulu, ndipo chakhala m'mphepete penipeni mwa mtsinje wa Shannon moti madzi amachita kunyambita khoma. Shannon ndiye mtsinje wautali kuposa yonse ku Ireland, ndipo pa Limerick pano madzi ake amakwera ndi kutsika motsatira nyanja yamchere, m'mawa ukhoza kuona miyala ndi matope, madzulo zonse zamira. Lingali anayamba kulimanga cha m'ma 1200 polamula King John wa ku England, yemwe uja anakakamizidwa kuvomera Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, mu 1215. Koma malowo sanawayambe ndi iye, ma Viking, anthu apanyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, anali atakhazikika kale pa chilumbachi kuyambira 922. Aliyense amene ankafuna kulamulira dera lino ankayamba wagwira powolokera mtsinje, nkhani yake ndi imeneyo basi.

Polowera ndi ku Nicholas Street, pali nyumba yamagalasi yamakono yomwe anaiphatikiza ku khoma lakale, ena konkuno amati siikugwirizana ndi lingalo ndipo ine ndikuwamvetsa, poyamba imakudabwitsa ndithu. Ndinagula tikiti, n'kulowa mu myuziyamu yomwe anaikonzanso mu 2013. Muli zithunzi, ma sikirini ogwira ndi chala, zovala za nkhondo zoti ana aziyesa, komanso akufotokoza kuti m'lingamo ankasuliramo ndalama zachitsulo za mfumu. Zonsezo ndinadutsa mofulumirako.

Pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pansi. Umatsika masitepe n'kupezeka uli kunsi kwa nyumba ija, kukuzizira, kukununkha chinyontho ngati m'chitsime, ndipo akatswiri ofukula zakale anasiya poyera zomwe anapeza. Pali zotsalira za tinyumba ta anthu omwe ankakhala pamenepo lingalo lisanamangidwe, tating'ono zedi, tokumbira pansi, kachipinda kamodzi kosaposa khitchini ya kumudzi. Ndinayang'ana pakhomo pa kamodzi, miyala yake idakali mmene anaiyalira munthu zaka zoposa 800 zapitazo, ndinaganiza za munthu ameneyo akuwerama kulowa ndi nkhuni mvula ikugwa ngati mmene imagwera lero lino.

Pomwepo palinso ngalande za nkhondo ya 1642. Apa mvetserani bwino. Ma Irish achikatolika anali ataukira kuyambira mu 1641, ndiye Apulotesitanti mazanamazana, amayi ndi ana omwe, anathawira m'lingamo n'kutseka zipata. Akunjawo analibe mizinga yokwanira kugwetsa khoma, ndiye anayamba kukumba pansi ngati mfuko, kulowera kunsi kwa maziko, akuchirikiza ndi mitengo, cholinga choti akamaliza ayatse mitengoyo khoma lititimire. Am'katimo atamva kukumbako nawonso anayamba kukumba zawo kuti akakumane nawo pansi pomwepo. Tangoganizani, mumdima, m'matope, ukumva khasu la mdani wako kuseri kwa dothi. Patatha masabata angapo am'katiwo anagonja, matenda ndi njala zitatha anthu ambiri, ndipo mafupa a ena mwa iwo anapezeka pofukula m'bwalo la lingalo. Bwalo lomwelo lomwe agogo anga aja ankaseweramo mpira.

Nditatuluka pabwalopo ndinafunsa bambo wina wogwira ntchito pamenepo za nyumba zija. Anandilozera ndi dzanja, akuti apa ndi apo, munali mizere ya nyumba. Asilikali a Britain anakhala m'lingamo mpaka 1922 pomwe dziko lino linayamba kudzilamulira, kenako m'ma 1930 khonsolo ya mzinda inamangamo nyumba za anthu wamba chifukwa anthu ankakhala mothithikana m'tinyumba toipa m'tauni, ndipo nyumbazo zinakhalapo mpaka kumapeto kwa ma 1980 pomwe anazigwetsa kuti akonze malowa. Pano pangokhala bwalo la miyala, ana asukulu akuthamangathamanga, wina wavala chisoti chachitsulo. Ine ndinaima pakati n'kumayesa kuona chingwe cha zovala, utsi wa malasha ukutuluka pa denga, mayi akuitana mwana kuti adzadye. Kwa ine chimenechi ndiye chachikulu kuposa za mafumu zonse zija, kuti linga lomwe anamangira kuopseza anthu a dera lino linadzasanduka mudzi wa adzukulu awo osauka. Ndikanakonda myuziyamuyo ikanapereka malo okulirapo ku mabanja amenewo, chifukwa ena adakali moyo, tikuwasambitsa ndi kuwadyetsa ifeyo.

Kenako ndinakwera nsanja. Masitepe ake ndi ozungulira, opanikiza, mwala wake unachita kusalala n'kulowa pakati chifukwa cha mapazi a anthu, ukakumana ndi wotsika mmodzi ayenera kumata ku khoma. Pamwamba mphepo yake si masewera, ndi imene yandipatsa chifuwayi. Koma maso amadya abale. Pansi pako pali mlatho wa Thomond Bridge, kutsidya kwake kuli Treaty Stone, mwala womwe amati anasainirapo pangano la 1691 pomwe asilikali a Patrick Sarsfield anagonja kwa a King William, pangano lomwe linalonjeza Akatolika ufulu wopembedza koma silinasungidwe, mpaka lero Limerick amaitcha Treaty City. Chakumanzere uko ukuona St Mary's Cathedral ya mu 1168, yakale kuposa lingalo ndipo anthu amapempheramobe, patali pang'ono sitediyamu ya Thomond Park komwe anyamata a Munster amasewera ragibi.

Ndili pamwambapo mtima unathawira kwathu ku Mangochi. Paja nafenso tauni yathu inayamba ngati linga la atsamunda m'mphepete mwa Shire, Fort Johnston, ndipo pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ija ndi Lake Malawi Museum. Ndakulira pamenepo, ndadutsapo kambirimbiri ndi njinga kupita kumsika, ndadyera chambo pafupi pomwepo, koma pakhomo pa myuziyamu ija sindinapondepo. Agogo anga ondiberekera mayi anamwalira ndili ku sekondale, ankakonda kukamba za sitima za pa nyanja ndi za msonkho wa atsamunda, ife tinkangoti agogo ayambapo, n'kuthawira ku mpira. Zinandipweteka pamwamba paja, sindinama. Ndinaimbira mlongo wanga pa WhatsApp pompo, mphepo ikusokosa mu foni, ndinamuuza kuti holide ikubwerayi atenge ana apite nawo, ya tikiti nditumiza, komanso akakhale pansi ndi azakhali akuluakulu aja awajambule mawu pa foni akamakamba zakale.

Lolemba nditalowa shifiti ndinapita kuchipinda kwa agogo aja ndi zithunzi zomwe ndinajambula. Tsiku limenelo sanandizindikire, anandifunsanso kuti ndine mwana wa ndani. Ndinakhala pambali pa bedi n'kuwaonetsa chithunzi cha bwalo lija, chopanda nyumba ngakhale imodzi, miyala yokhayokha ndi nsanja kumbuyo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaika chala pa sikirini chakumanja kwa chipata, akuti pathu panali apa, khomo lobiriwira. Anayamba kutchula maina a anansi awo nyumba ndi nyumba, mzere wonse osaphonya, mpaka tiyi wawo anazizira ndinachita kukawapangira wina.

Sabata yamawa tikamba za lendi, ambiri mwandifunsa mmene tikupezera nyumba kuno. Tsalani bwino abale, zikomo pomvera.