Malangizo a kasemedwe ka mlatho wa mano wa cobalt-chromium

Mphwanga, ndajambula mawuwa chifukwa mawa ndikupita ku Ulongué kukazonda amayi, ndipo mlatho wa mano atatu uja, wa dzino loikirira pakati ndi zisoti ziwiri zovekera mano a m'mbali mwake, muusema nokha. Chonde mvetserani mpaka kumapeto.

Musanayatse makina, werengani zolembedwa pa disiki. Madisiki athu onse ndi a mamilimita 98 ndipo chitsulo chake ndi chimodzi, choposa theka ndi cobalt, kenaka chromium, ndi molybdenum kapena tungsten pang'ono, koma ali mitundu iwiri. Wina ndi ufa wachitsulo wopanikizidwa, umene umasemedwa wouma n'kulimba pambuyo powotchedwa m'ng'anjo ya mpweya wa argon, ndipo popeza umachepa ukapsa, makina amausema mokulirapo dala. Umenewo musaukhudze mawa. Tengani disiki yolemera ndi yonyezimira ija, imene ndi chitsulo cholimba kale, yosemedwa ndi madzi oziziritsa komanso mabur, timipeni ta makina tosemera tija, a carbide opangidwira chitsulo basi.

Pa nkhani ya madziwo ndikufuna mukhale tcheru. Kutentha kwa kuno ku Tete mukukudziwa: madzi amauma m'thanki msanga, mankhwala osakanizamo n'kutsala ochuluka, ndipo zinyenyeswa zikatseka sefa, madzi amafika pa nsonga mochita kudontha. Bur yosema popanda madzi okwanira imatentha n'kubuntha, kapena kuthyokera m'kati mwa chisoti. Tsukani sefa, onjezerani madzi mpaka pa mzere, ndipo yang'anani bur iliyonse pa galasi lokulitsira. Mukaona mano ake atanyezimira kapena atabenthuka, ichotseni. Ine ndinaumirapo bur yotha pofuna kupulumutsa ndalama, m'mphepete mwa chisoti munatuluka mokhakhala, chisoticho sichinakhale pa dzino, ndipo mayi amene anachokera ku Furancungo anabwerera kwawo chimanjamanja. Mpaka lero zimandipweteka mtima.

Pa kompyuta, khoma la chisoti lisachepere mamilimita 0.4, poti lidzapepukanso popala. Malo olumikizira dzino lapakati ndi zisoti ziwirizo akhale onenepa ndi obulungira, chifukwa mphamvu yonse ya kutafuna imathera pamenepo. Timitengo tolumikiza mlathowo ku disiki musatiike pafupi ndi m'mphepete, pamene chitsulo chimakumana ndi usinini, pakuti mpata ukatsala pamenepo mumalowa zakudya ndipo dzino limaola m'kati mwiniwake osadziwa. Makina akayamba, musawonjezere liwiro ngakhale adokotala ataimba foni kangati.

Mukadula mlathowo pa disiki, valani chophimba pamphuno ndi pakamwa ndiponso yatsani chokokera fumbi musanayambe kupala. Fumbi la cobalt limawononga mapapo pang'onopang'ono, ndipo anthu ena limawatulutsa ziwengo pakhungu. Musaliuzire ndi pakamwa, musalipemerere ndi mpweya wa kompuresa, komanso chakudya chanu cha masana mukadyere kunja mutasamba m'manja.

Popala, yendetsani bur mbali imodzi yokha. Mukamapita uku ndi uku, chitsulo chimapindikira pa chinzake n'kutsekera mpweya, ndipo mpweyawo umadzatuluka ngati tithovu pamene seramiki yokutira chitsulocho ikupsa, ntchito yonse n'kuyambanso. Kenaka ikani mlathowo pa chikombole cha mano, dinikizani mbali imodzi ndi chala n'kuona ngati mbali inayo ikunyamuka. Ukagwedera ngakhale pang'ono, musaukakamize.

Ukakhala bwino, upopereni mchenga wa aluminium oxide wa mamaikironi 110, muutsuke ndi nthunzi, ndipo kuyambira pamenepo muziugwira ndi kapanira, chifukwa mafuta a m'zala amalepheretsa seramiki kumata. Musapake opaque, seramiki yoyamba yobisa mtundu wa chitsulo ija, ndisanaone. Jambulani zithunzi za m'mphepete mwa zisoti zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, munditumizire pa WhatsApp, ndipo ndikuyankhani ndikangotsika basi.