Akawoloka Shire, amayamba kufikira kwa ife

A gulupu, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amayi ndi abambo, zikomo pobwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi.

Akuluakulu mukukumbukira 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique itafika pa mwana wakana phala, anthu n'kumakhamukira kuno usana ndi usiku. Pofika 1992, chaka chomwe anasainirana mtendere ku Rome, Malawi inkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo kuno ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Achinyamatanu munaona December 2024, ziwawa za chisankho zitabuka ku Mozambique, mabanja a ku Morrumbala akuwoloka pa bwato. Ndani anawalandira padooko? Msodzi, mayi wobwera kumjigo, nyakwawa. A UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndi a boma amabwera ndithu, koma amayamba apanga kalembera ndi kupeza galimoto. Masiku oyambawo amakhala athu.

Ndipo musamadzidelere kuti tilibe kanthu. Mu 1990 othawa nkhondo oposa 18,000 anadwala pelagra, matenda aja khungu limada ndi kukakala pakhosi ndi m'manja, munthu n'kumatsegula m'mimba, ena mpaka mutu kusokonezeka. Chinayambitsa n'chakuti mtedza unasowa pa chakudya chogawidwa, anthu n'kumadalira ufa wa chimanga. Amene anadwala kwambiri anali a m'makampu. Amene anasakanikirana ndi eni mudzi, napatsidwa kadimba, n'kumapita kuganyu ndi kumsika, ambiri anapulumuka. Amfumu akaloza mlendo malo oti abzale nyemba ndi nkhwani, amakhala atamupatsa mankhwala.

Koma chifundo chokha sichikwanira. Chaka chomwecho kolera inavuta kukampu ya othawa nkhondo ya Nyamithuthu. Madokotala atafufuza anapeza kuti madzi ankaipitsidwa pakhomo pomwe: mayi watunga bwinobwino, koma ponyamula ndowa zala zalowamo, ana nawonso akuviika kapu ndi manja osasamba. China chinali nandolo wogonera wodyedwa wozizira, poti nkhuni zotenthetsera zinkasowa. Ndiye alendo akafika pasukulu kapena patchalitchi, mphika usanatereke ena akhale atayamba kale kukumba zimbudzi, za amayi pazokha, za abambo pazokha, kutali ndi chitsime. Itanani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo abwere ndi kolorini. Ndowa ya madzi akumwa ikhale yovundikira, ndipo chotungira chikhale champini wautali.

Nkhani ya ana imandiwawa kwambiri. Pothawa, mwana amangogwira chitenje cha aliyense amene akuthamanga. Mukapeza wopanda kholo, musamupereke kwa wodutsa amene akuti ndi amalume ake popanda umboni. Lembani dzina lake, mudzi wake, zovala zomwe wavala, akhale pakhomo lodziwika kwa amfumu mpaka a ofesi yosamalira anthu atafika. Atsikana asapite okha kunkhuni. Ndipo bambo aliyense wofuna thupi la mayi posinthanitsa ndi ufa, ameneyo ndi wa kupolisi, ngakhale atakhala wa m'komiti.

Wina anandinong'oneza pobwera kuti, “Nanga mitengo yathu ija inatha, mijigo n'kumawonongeka?” Ndi zoona, sindikutsutsa. N'chifukwa chake mabungwe akafika, komiti yathu iyankhule osachita manyazi: mjigo watsopano utumikire onse, mankhwala akuchipatala achuluke kwa onse, mbande za mitengo zibwere. Alendowo asankhenso anthu awo, amayi akhalemo, tizikhala nawo pogawa zinthu. Za chipani chomwe munthu ankavotera kwawo, zimenezo musafunse.

A komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, musachoke tikamaliza. Tilembe lero nyumba zomwe zingalandire banja, amene ali ndi makasu ndi mafosholo, ndi amene aziimbira foni kwa DC.