Maggie Smith Sanatchukire pa Harry Potter! Mafilimu Awo 5 Amene Ndikuwaika Pamwamba

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Musathawe ayi, chifukwa filimu imene ndaika pa nambala 1 ambiri mwa inu simunaionepo, ndipo ndi imene inachititsa kuti dziko lonse lidziwe dzina la mayiwa. Khalani pomwepo mpaka kumapeto.

Mwachidulechidule. Maggie Smith, katswiri wa zisudzo ndi mafilimu wa ku England, anabadwa pa 28 Disembala 1934 ku Ilford, anakulira ku Oxford, ndipo anakwera siteji ya Oxford Playhouse mu 1952 ali ndi zaka 17. Anapikisana nawo pa Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, kasanu ndi kamodzi, kawiri anabwera nayo kunyumba. Mu 1990 anapatsidwa ulemu wa Dame, womwe mfumukazi ya ku Britain inkapereka kwa amayi ochita zazikulu. Anamwalira ku London pa 27 Seputembala 2024 ali ndi zaka 89. Basi, zimenezo mukhoza kuzipeza paliponse. Tiyeni ku mndandanda.

Nambala 5, Sister Act ya mu 1992. Iyi ndiye ambiri tinaiona. Whoopi Goldberg ndi woimba amene waona munthu akuphedwa, apolisi n'kukamubisa kwa masisitere. Maggie Smith ndi mkulu wa masisiterewo. Mukamaioneranso, musayang'ane kwaya ikayamba kuwomba m'manja mutchalitchi. Muyang'ane nkhope ya mayiwa. Sakuseka, sakuyankhula, milomo atsina, koma inuyo mukufa ndi phwete.

Nambala 4, Gosford Park ya mu 2001, imene anatsogolera Robert Altman. Anthu olemera asonkhana m'chinyumba cha kumudzi ku England mu 1932, antchito awo ali pansi, kenako mwininyumba wapezeka ataphedwa. Maggie Smith akusewera Constance, mayi wa banja lapamwamba amene ndalama zinamuthera kalekale ndipo amadalira thandizo la mwininyumba yemweyo, koma matama alipobe odzaza thumba. M'mawa amubweretsera chakudya pabedi, iye n'kuyamba kunyoza kuti jamu wake ndi wogula m'sitolo osati wopanga pakhomo. Patebulo pali mlendo wa ku America wopanga mafilimu amene akukana kuulula mathero a filimu yake poopa kuwaonongera, Constance n'kumuuza mokoma mtima ndithu kuti asadandaule, palibe aliyense pamenepo amene adzaione. Eee! Amene analemba filimuyi ndi Julian Fellowes, yemweyo amene patapita zaka anadzalemba sewero la pa TV la Downton Abbey. Ndiye ngati mumakonda gogo Violet Crawley, amene mayiwa anasewera mu Downton Abbey, dziwani kuti anabadwira muno.

Tsopano imani kaye. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kulemba m'munsimu kuti, "Achimwene, nanga Harry Potter ili pati?" Palibe. Siili pamndandanda. Ndipo apa ndiye pali nkhani imene imanditentha mtima.

Mayiwa atamwalira, pa Facebook ponse panali mawu amodzimodzi: wamwalira Professor McGonagall, mphunzitsi amene anamusewera mu Harry Potter. Ena mpaka kulemba kuti Harry Potter ndi imene inawatulutsa poyera, kuti luso lawo linali limodzi lokha, losewera gogo wa pakamwa pakuthwa. Bodza lamkunkhuniza! Tiyeni tiwerenge zaka limodzi.

Mu 1963 Laurence Olivier, amene nthawi imeneyo anali mfumu ya zisudzo ku Britain, anawaitana kuti alowe gulu loyamba la National Theatre. Anasewera Desdemona, mkazi wa Othello, Olivier yemweyo ali Othello. Seweroli litajambulidwa kukhala filimu mu 1965, mayiwa anasankhidwa koyamba kupikisana nawo pa Oscar. Mu 1970 anapambana Oscar yoyamba, ali ndi zaka 35. Mukudziwa kuti J.K. Rowling, mlembi wa mabuku a Harry Potter, anali ndi zaka zingati tsiku limenelo? Zinayi. Mwana wosayamba n'komwe sukulu ya pulayimale. Oscar yachiwiri inabwera mu 1979. Daniel Radcliffe, amene anasewera Harry Potter, anabadwa mu 1989, patatha zaka khumi mphoto ziwirizo zili kale m'nyumba. Mu 1990 anawonjezera Tony, mphoto yaikulu ya zisudzo za pasiteji ku New York. Filimu yoyamba ya Harry Potter inatuluka mu 2001, iwo ali ndi zaka 66. Ndiye mundiuze inuyo, ndani anakweza mnzake pamenepa?

Komanso Radcliffe sanakumane nawo koyamba ku Hogwarts, sukulu ya mu Harry Potter, ayi. Mu 1999 anasewera limodzi mu David Copperfield ya BBC, iye ali kamnyamata, iwo ali azakhali ake.

Nanga maganizo akuti anakhala ali gogo chibadwire anachokera kuti? Ine ndimaloza Hook ya mu 1991 ya Steven Spielberg. Mmenemo anasewera gogo Wendy wa zaka 92, pamene iwo anali ndi zaka 56 zokha. Anawapaka nkhope, kuika makwinya, anthu n'kukhulupirira. Ana amene anaona filimuyo anakula akudziwa kuti Maggie Smith ndi nkhalamba, ndipo atawaonanso patatha zaka khumi atavala chipewa cha ufiti, anangoti ndi agogo aja. Opanga mafilimu nawonso anazolowera, kumangowapatsa mbali zofanana.

Eniakewo sanabise. Mu 2019 anauza nyuzipepala ina ya ku London kuti amayamikira kwambiri ntchito ya Harry Potter ndi ya Downton Abbey, koma sinali ntchito yowakhutiritsa, sankamva kuti akusewera kwenikweni. Pa pulogalamu ya Graham Norton anavomera kuti Downton Abbey sanaionere n'komwe, chonsecho inawapatsa mphoto zitatu za Emmy, mphoto zapamwamba za masewero a pa TV. Tangoganizani.

Musandimve molakwa, McGonagall ndimamukonda. Mayiwa anaoneka m'mafilimu asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu, ndipo pojambula yachisanu ndi chimodzi, Half-Blood Prince, anali akulandira chithandizo cha khansa ya m'mawere imene anawapeza nayo mu 2007, koma ntchito sanaisiye. Mufilimu yomaliza ya mu 2011, pamene aimirira kutsogolo kwa Harry n'kuthamangitsa mphunzitsi mnzake Snape, ndani sanakuwe? Koma mukaphatikiza nthawi yonse imene akuoneka, ndi yochepa. Kuyeza luso lawo ndi McGonagall kuli ngati kulawa msuzi wa pachivundikiro n'kunena kuti mwadya ndiwo.

Chabwino, mtima watsika. Ngati mwafika pano bandulo yanu isanathe, ndinu anthu enieni. Dinani Subscribe, dinaninso kabelu, chifukwa sabata yamawa tikuchita Judi Dench, mnzawo wa zaka zambiri, amenenso anabadwa mu Disembala 1934. Awiriwa muwaone limodzi mu A Room with a View kapena The Best Exotic Marigold Hotel, tidzakambirane.

Nambala 3, California Suite ya mu 1978. Akusewera Diana Barrie, katswiri wa zisudzo wa ku Britain amene wapita ku Los Angeles kukapikisana nawo pa Oscar, n'kulephera. Michael Caine ndi mwamuna wake. Abwerera ku hotela usiku, Diana waledzera, akutukwana, ndipo pang'onopang'ono nthabwala zikutha, mukuona kuti banja lawo ndi la pamaso pa anthu chabe ngakhale amakondana m'njira yawoyawo. Chosangalatsa n'chakuti mbali imeneyi ya munthu wolephera Oscar ndi imene inawapatsa Oscar yeniyeni.

Nambala 2, The Lady in the Van ya mu 2015. Apa ndinavutika, chifukwa The Lonely Passion of Judith Hearne ya mu 1987 inkafunanso malowa. Mmenemo ndi mphunzitsi wa piyano ku Dublin, wosakwatiwa, amene akumira mumowa ndi kusungulumwa, ndipo anapata nayo BAFTA, mphoto yaikulu ya mafilimu ku Britain. Koma njovuta kuipeza, ndiye tiyeni ku galimoto. Nkhaniyi inachitikadi. Mlembi Alan Bennett analola mayi wina wosowa pokhala, Miss Shepherd, kuimika galimoto yake yakutha pakhomo pake ku Camden kwa kanthawi. Kanthawi kaja kanasanduka zaka 15, mpaka mayiyo anamwalira mu 1989. Filimuyi anaijambulira panyumba yeniyeniyo. Maggie Smith, ali ndi zaka pafupifupi 80, akupenta galimoto chikasu ndi burashi, akukalipira anthu amene akumuthandiza, zikomo osamudziwa. Kenako mumva kuti mayiyu kale anali katswiri wa piyano, anakhalaponso sisitere. Pali pamene apeza piyano, n'kuika zala zakezo pang'onopang'ono. Ine pamenepo ndimasiya kutafuna.

Ndipo nambala 1, The Prime of Miss Jean Brodie ya mu 1969, yochokera m'buku la Muriel Spark. Tili ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1930, pasukulu ya atsikana. Jean Brodie ndi mphunzitsi amene aliyense wa ife akanamufuna. Silabasi amaikankhira pambali, amauza ana za zojambula za ku Italy ndi za chibwenzi chake chimene chinafera ku nkhondo, amasankha atsikana ochepa n'kuwauza kuti iwo ndi apadera. Ayenda mutu uli m'mwamba, mawu akuimba, inu woonera mwagwidwa kale ngati anawo.

Kenako muyamba kumva zina. Akutamanda Mussolini, wolamulira mwankhanza wa ku Italy. Akutamanda Franco, mkulu wa asilikali amene anadzalamulira Spain mwankhanza. Akukonza zoti mmodzi mwa atsikana ake akhale chibwenzi cha mphunzitsi wa zojambula, bambo wapabanja amene iye mwini amamukonda. Amene anasewera bamboyo ndi Robert Stephens, mwamuna weniweni wa Maggie Smith nthawi imeneyo. Mtsikana wina wofatsa, Mary McGregor, atengeka ndi mawu a aphunzitsi ake, anyamuka kupita ku nkhondo ya ku Spain, n'kufera m'njira. Ndipo Jean Brodie sakuona kuti walakwa. Akuti mwanayo wafa ngati ngwazi.

Luso lili apa: mayiwa sakusintha kasewero kuti akuuzeni kuti tsopano munthuyu waipa. Ndi Jean Brodie yemwe uja wa poyamba, kumwetulira komweko, mawu okoma omwewo. Amene mwasintha ndinu. Kumapeto, pamene mtsikana wake wanzeru, Sandy, amuuza maso ndi maso kuti ndi iye anamuneneza kwa ahedi, muone mmene nkhope ija ikugwera. Amene munaphunzitsidwapo ndi mphunzitsi wokondera, wokhala ndi ana akeake m'kalasi, filimuyi ikukhudzani penapake.

Ndiye mndandanda wanga ndi umenewo. Amene mwakwiya chifukwa cha McGonagall, bwalo ndi lanu m'munsimu, lembani mndandanda wanu, koma mundiuze kaye ngati Jean Brodie mwaionera. Amene mumafunsa za matisheti a tchanelo chino, afika, linki ili pansi pa vidiyoyi. Tionana sabata yamawa ndi Judi Dench.