Kuchokera ku Uppsala: mnyamata wodumpha ndi ndodo

Moni nonse a ku Mangochi, a ku Mpondasi, a ku Makawa mpaka ku Namwera uko. Kuno ku Uppsala, ku Sweden, kwazizira, dzuwa likumalowa 3 koloko masana, ndiye masewero ambiri alowa m'nyumba. Dzina lomwe lili pakamwa pa aliyense ndi la Armand Duplantis, katswiri wa masewero odumpha m'mwamba ndi ndodo, amene amangomutcha Mondo.

Anabadwira ku Lafayette, ku Louisiana, mu 1999, koma amayimira Sweden, kwawo kwa mayi ake a Helena. Bambo ake a Greg nawonso ankadumpha, ndipo anamukonzera malo ophunzirira kuseri kwa nyumba. Mu February 2020 ku Toruń, ku Poland, anadumpha mamita 6.17 n'kuphwanya mbiri ya dziko lonse yomwe inali ya Renaud Lavillenie wa ku France. Ku Paris mu 2024 anafika 6.25, ku Tokyo mu September 2025 anafika 6.30. Amawonjezera sentimita imodzi imodzi ngati mmene ankachitira Sergey Bubka, katswiri wakale wa ku Ukraine, pakuti mbiri yatsopano iliyonse imabwera ndi ndalama zake. Wochenjera ameneyu.

Tsono tikati ndodo, musaganize za mponda wopalasira bwato pa Malombe. Kale ankadumphadi ndi nsungwi, ndipo Cornelius Warmerdam wa ku America anafika nayo 4.77 mu 1942. Ndodo ya lero ndi ya fibreglass ndi carbon, yotalika mamita asanu ndi pang'ono, ndipo imapindika ngati uta. Mphamvu yake siichokera m'manja ayi, imachokera mu liwiro. Mondo amathamanga masitepe 20, n'kulowetsa nsonga ya ndodo m'bokosi lokumbidwa pansi, lotalika mita imodzi, lakuya masentimita 20. Ndodo ikapindika, iye amaponya miyendo m'mwamba, mutu pansi, ndodo ikamawongoka n'kumuponya pamwamba pa chopingasa, kamtengo kopingasa m'mwamba komwe ayenera kukadumpha osakagwetsa.

Zimavuta pa phazi lonyamukira. Liyenera kuponda pansi penipeni pa dzanja logwira ndodo kumwamba. Likalowa mkati kwambiri, kufupi ndi bokosi, ndodo imakukoka phewa ndipo liwiro lonse limathera pomwepo. Ukagwira ndodo pamwamba kuposa liwiro lako, kapena ukatenga yolimba kwambiri, siimaimirira bwinobwino, umabwerera chagada n'kugwera pa bokosi m'malo mwa matiresi. Ambiri amavulalira pamenepo. Yofewa kwambiri imakuponya patsogolo n'kugwetsa chopingasa ukukwera. N'chifukwa chake ndodo iliyonse imalembedwa kulemera kwa munthu woyenera kuigwiritsa ntchito, ndipo wodumpha amanyamula zingapo m'chikwama chachitali, n'kumasintha mpikisano uli mkati. Kakang'alu kochepa, kaya wina waiponda ndi nsapato za minga, ndodoyo imathyoka ili yopindika, phokoso ngati mfuti.

Pa msinkhu uliwonse umayesa katatu, ukalephera katatu motsatizana watuluka. Ana a kumudzi odumpha ngalande ndi nsungwi aja, awuzeni aziyang'ana kaye ngati nsungwiyo siinang'ambike, ndipo azigwera pa mchenga wofewa.