Mawu a m'mawa: Tenga ana, make umuleke auluke

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Mulanje kwacha ndi nkhungu, phiri silikuoneka n'komwe, koma othyola tiyi adutsa kale pamsewu, madengu ali kumsana.

Lero titsegule Deuteronomo 22:6-7, kalamulo kamene ambirife timangokadumpha. Akuti ukapeza chisa cha mbalame panjira, kaya mumtengo kaya pansi, make atafungatira mazira kapena ana, usatenge make pamodzi ndi ana. Anawo tenga, koma make umuleke auluke, kuti zinthu zikuyendere bwino ndi kuti masiku ako achuluke. Lonjezo limeneli ndi lomwe lija lili pa lamulo lolemekeza atate ndi amayi. Taganizani, nkhani ya mbalame yam'tchire! Ndipo Mulungu sanaletse kudya ayi, njala amaidziwa. Chimene wakana ndi kupha chobereka.

Mawuwa ine ndinayamba kuwamva ndi dzanja ndisanawawerenge. Mayi anga anathyola tiyi zaka zambiri, ndipo tchuthi china ndinawatsatira kumunda. Pofuna kuti dengu lilemere msanga pasikelo, ndinkangokolola chilichonse, masamba okhwima ndi timitengo tomwe. Mayi anandimenya kadzanja. "Iwe, masamba awiri ndi kansonga, basi. Ukachivula chitsambachi lero, sabata yamawa udzathyola chiyani?" Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje kuno mu 1891, ku Lauderdale, ndipo mpaka lero minda ikadali yobiriwira chifukwa dzanja limatenga nsonga, tsinde n'kulisiya.

Tiyi ameneyu wambiri sitimwa ndife. Makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma kufakitale. Wina amakagulitsidwa ku okushoni ku Limbe, mtengo wake m'madola, kenaka ulendo wa ku South Africa, ku Britain ndi maiko ena. Womwa tiyi ku London sadziwa kuti kuli malo otchedwa Chitakale, koma mtengo ukagwa kumeneko, mphika wa kuno ndiwo umayamba kumva. Sindikunyoza malonda. Ndalama zakunja zimenezi ndi zomwe dziko limagulira mafuta, mankhwala ndi feteleza. Vuto ndi lakuti msika sudziwa kunena kuti "zakwana". Ukakonda chinthu umangoti bweretsani china, ndipo wogula ali kutali saona chitsa chimene chatsala.

Kwezani maso kuphiri nkhungu ikachoka. Kumtunda uko, kufupi ndi Sapitwa amene ndi wotalika mamita 3,002, kunali nkhalango za mkungudza, mtengo umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma kuno. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Thabwa lake chiswe sichidya, siliola msanga, ndipo fungo lake silitha. Ubwino womwewo ndiwo unauphetsa. Macheka analira usiku ndi usana, anyamata akutsika ndi matabwa pamutu, ena opangira mabwato kunyanja, ena zitseko ndi timabokosi togulitsa kwa alendo. Pofika mu 2017, amene anakawerenga anapeza mikuluikulu 7 yokha. Tinatenga ana, tinatenga ndi make yemwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Apa ndisaloze chala anthu ocheka okha, pakuti m'chipinda mwanga muli bokosi la mkungudza. Ndinaligula motchipa kwa mnyamata wina madzulo kuli kachisisira, ndipo sindinafunse kumene thabwalo linachokera chifukwa yankho ndinkalidziwa. Mumakhala zovala zanga za kutchalitchi, abale. Lamulungu lililonse ndimalowa m'nyumba ya Mulungu ndikununkhira mtengo umene ndinathandiza kugwetsa. Mnyamata uja anakwera phiri chifukwa kunyumba kunalibe ufa. Nanga ine chinandikakamiza n'chiyani? Ndinangofuna chinthu chokongola.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatisiyira maliro osawerengeka kuno ndi ku Phalombe, napolo atatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Ndimakana anthu akamati amene anafa aja Mulungu ankawalanga. Mvula ija inali yoposa muyeso, ndipo ambiri amene anakokoloka sanagwirepo nkhwangwa kuphiri. Koma tonse tikudziwa kuti dothi lopanda mizu silichedwa kutsetsereka. Pamene lemba likuti "kuti masiku ako achuluke", mwina silikunena za mphotho yogwa kumwamba. Mbalame imene waileka lero ndiyo idzaikire mazira chaka chamawa, ndipo mwana wako adzapeza chisa.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti make sanatheretu. Anthu a m'midzi yozungulira phiri akufesa mbewu za mkungudza m'manazale, n'kumasenza mbande kukabzala kumtunda, ntchito imene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likuthandizira. Mtengowu umakula mochedwa, moto wolusa ukadutsa mbande zimapsa, ndipo ambiri obzalawo sadzauona utafika pochekedwa. Akubzalabe.

Tipemphere. Atate, dziko ndi lanu, phiri ndi lanu, madzi a Likhubula ndi Ruo ndi anu. Tikhululukireni pamene tinatenga mopyola njala yathu. Kumbukirani amayi amene ali m'minda ya tiyi m'mawa uno mame akuwanyowetsa mpaka m'chiuno, sikelo iwayendere mwachilungamo. Mupatseni njira ina yopezera ufa mnyamata amene akunola sowo. Tetezani mbande zili kuphiri ku moto wa chaka chino. M'dzina la Yesu, Amen.

Tsiku labwino nonse. Amene muli ndi mbande ku nazale, ndiuzeni tsiku lokwera nazo, ndidzasenza nawo.