Manja ogwira ena nawonso amatopa

Mwadzuka bwanji nonse, aphunzitsi anzanga a Pilates, masewera olimbitsa thupi aja, kulikonse kumene muli. Kwa ena kwangocha kumene, kwa ena dzuwa lili kale pamutu, ena mukupinda mphasa za kalasi yomaliza. Mawu athu akuchokera pa Yesaya 35:3, pomwe mneneri akulamula kuti tilimbitse manja ofooka ndi mawondo ogwedera.

Kwa zaka zambiri vesi imeneyi ndinkaiwerenga ndikuganizira anthu amene amabwera kwa ife: mayi amene msana sunabwerere m'malo chiberekereni mwana, bambo amene anachitidwa opaleshoni ya bondo ndipo akuopa kuliponda, mnyamata amene khosi linauma chifukwa chokhala pa kompyuta tsiku lonse. Manja ofooka ndi mawondo ogwedera timawaona ndi maso, timawagwira ndi manja athu. Koma posachedwapa ndinadzifunsa kuti, nanga manja a mphunzitsi amene waima kuyambira m'mamawa, akusintha masipuling'i a Reformer, makina ochitirapo masewerawa, akuwerama, akudzutsa ena, akumwetulira pamene kunyumba kwake kuli mavuto, amenewo amawalimbitsa ndani?

Pa Eksodo 17, Mose anaima pamwamba pa phiri ku Refidimu, manja ali m'mwamba, Yoswa akumenyana ndi Aamaleki. Manja akatsika, nkhondo inkatembenuka. Mose anali munthu wa Mulungu, komabe manja ake analema. Aroni ndi Huri sanamudzudzule. Anatenga mwala kuti akhalepo, wina n'kugwira dzanja ili, wina dzanja linalo, mpaka dzuwa kulowa.

Ntchito yathuyi inafika kwa ife m'njira yomweyo. Joseph Pilates, amene anaiyambitsa, anabadwa mu 1883 ku Mönchengladbach m'dziko la Germany. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inamupeza ku England, ndipo chifukwa anali Mjeremani anamutsekera pamodzi ndi anzake, mpaka kukafika kumsasa wa Knockaloe pa chilumba cha Isle of Man. M'menemo, mopanda ufulu, ankaphunzitsa akaidi anzake kusuntha thupi ndi kupuma. Atapita ku New York anatsegula situdiyo pa Eighth Avenue pamodzi ndi Clara, amene anakumana naye m'sitima ya pamadzi.

Taonani amene analowa pakhomo limenelo. Romana Kryzanowska, wovina ballet, anabwera atavulala kapolo wa phazi. Kathy Grant, mayi wakuda wa ku America, anabwera ndi bondo lovulala. Carola Trier, wobadwira ku Germany, amene pa nkhondo yachiwiri anatsekeredwapo kumsasa wa Gurs ku France, anabweranso atavulala. Lolita San Miguel anali wa ku Puerto Rico. Mitundu yosiyana, mbiri zosiyana, ambiri a iwo atafika ali opweteka. Ndipo chimandikhudza n'chakuti Carola atatsegula situdiyo yake, Kathy Grant anakagwira naye ntchito kumeneko. Joseph atamwalira mu 1967, Clara anapitiriza kuphunzitsa, Romana n'kudzasenza situdiyo ija, enawo n'kufalitsa ntchitoyi kumene anapita. Pakanapanda anthu amenewa kugwiriziza manja, bwenzi inu ndi ine tilibe choti tiphunzitse lero.

Nanga ife tinatani kuti tizinyozana chonchi? Uyu akuti njira yake ndiyo yeniyeni chifukwa amatsatira ndondomeko yakale osasintha kanthu. Uyo akuti anzakewo anatsalira, sadziwa zimene akatswiri a zathupi apeza masiku ano. Tikaona kanema wa mnzathu pa intaneti, diso limathamangira pa phewa lokwera kapena chiuno chopendekeka, osaona kuti munthuyo wasonkhanitsa agogo asanu amene poyamba sankatha kudzuka pansi okha. Inenso ndili m'gulu lomweli, ndipo ndikulapa.

Tsiku lina pa maphunziro a aphunzitsi anandiphatikiza ndi mayi wina amene sitinkamvana chilankhulo ngakhale pang'ono. Mumtima ndinadandaula, ndinkaona ngati tsiku langa lapita pachabe. Titafika pa sewero lotchedwa Hundred, ine nditagona chagada, mutu nditadzutsa, manja akupopa, iye anagwada pambali panga n'kuika zikhatho zake pa nthiti zanga. Anayamba kuwerenga m'chilankhulo chake: kasanu pokoka mpweya, kasanu potulutsa, maulendo khumi mpaka zana likwane. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Koma nthiti zanga zinatambasukira m'mbali ndi kumsana, malo amene kwa zaka ndinkauza ophunzira anga kuti apumireko pamene ine mwini sindinkafikitsako mpweya. Titamaliza anandigwira phewa, n'kugwedeza mutu. Ndinali nditatopa ndi ntchitoyi miyezi yambiri osauza munthu, ndipo misozi inalengeza.

Genesis 2:7 amati Mulungu anaumba munthu ndi dothi n'kuuzira mpweya wa moyo m'mphuno mwake. Mpweya umene mayi uja ankawerenga ndi womwewo umene inu muwerenge lero m'Chisipanishi, m'Chikoreya, m'Chiarabu kapena m'Chichewa. Sitinaupange ife. Tinangopatsidwa mwayi wokumbutsa anthu kuti ali nawo.

Choncho musanalandire wophunzira woyamba, ganizirani mphunzitsi mnzanu mmodzi. Mwina ndi uja wangoyamba kumene, amene kalasi yake imabwera anthu awiri okha. Mwina ndi uja wa njira yosiyana ndi yanu. Mwina ndi amene anakuphunzitsani, amene simunamuyankhule chaka chonse. Mulembereni, ngakhale mawu ochepa, ngakhale m'chilankhulo chimene mumachithyola. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo ngati manja olemawo ndi anu, musabise, nenani kuti anzanu abweretse mwala.

Tipemphere. Atate, Inu amene munatipatsa mpweya, dalitsani aliyense amene agone pa mphasa zathu lero. Tetezani manja athu kuti asapweteke munthu. Chotsani nsanje ndi kudzikuza pakati pathu. Kumbukirani mphunzitsi amene wadzuka thupi likuwawa, ndi amene akuganiza zotseka situdiyo yake, mumutumizire Aroni ndi Huri wake dzuwa lisanalowe. M'dzina la Yesu, Ameni.