Za mwana wathu ndi maphunziro a malamulo a zamalonda

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu uja woti mwana akufuna kukapitiriza maphunziro a malamulo a zamalonda kunja, ndipo mukuganiza zogulitsa munda kuti mumulipirire, ndaumva. Muitaneni mwanayo akhale pafupi, chifukwa zambiri ndi zake. Koma choyamba ndi chanu: munda uja musagulitse. Maphunziro amene akufunawa salipira ndi ndalama za m'thumba, amapita ndi sikolashipu, ndipo njira yake ilipo.

Tsono iwe mwana wanga, digiri ya malamulo wamaliza ku Zomba, zikomo. Usathamangire masitazi chaka chino. Yamba wagwira ntchito zaka ziwiri. Sikolashipu ya Chevening ya boma la Britain imafuna zaka ziwiri za ntchito, maola 2,800, ndipo amawerengadi. Amatsegula cha mu Ogasiti, umasankha makosi atatu, umapeza anthu awiri okuchitira umboni, ndipo ukamaliza umayenera kubwerera kumudzi kwa zaka ziwiri. Ntchitoyo ikhale yoyandikana ndi zimene ukufuna: ku unduna wa zamalonda, ku MRA, ku Competition and Fair Trading Commission, kapena ku PPDA kumene amayang'anira mmene boma limagulira katundu. Kumeneko ndi kumene malamulo a zamalonda amakumana ndi kayendetsedwe ka boma. Ku Lilongwe komweko kulinso ofesi ya COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, yoona za mpikisano pa malonda, ngakhale likulu la COMESA lili ku Lusaka.

Si Britain yokha ayi. Ku University of Pretoria kuli masitazi ya chaka chimodzi ya malamulo a zamalonda ndi zoika chuma mu Africa, amachita mothandizana ndi University of the Western Cape. Ku Arusha ku Tanzania kuli trapca, sukulu ya mfundo za malonda, ku Bern ku Switzerland kuli World Trade Institute. Ukasankha ku Joni, mapepala ako a sukulu ayenera kudutsa kaye ku SAQA, bungwe la ku South Africa loyesa mapepala a maphunziro, kuti awayese, ndipo zimatenga masabata angapo. Ambiri amagwa pamenepa: malo apeza, koma pepala la SAQA lachedwa, viza yachedwa, chaka chapita. Tiransikiripiti uitanitse panopa, ndi pasipoti yomwe.

Koma chimene chimasiyanitsa anthu ndi kalata yofunsira malo. Ukalemba kuti “ndimakonda malamulo a zamalonda,” alemba choncho ndi anthu mazana. Bwera ndi funso limodzi lakwanu. Mwachitsanzo, boma likaletsa kutumiza chimanga kunja. Gawo 11 la GATT, pangano la mayiko pa malonda a katundu, limaletsa mayiko kutseka katundu motero, koma gawo lomwelo limalola chiletso cha kanthawi pakakhala kusowa kwakukulu kwa chakudya. Ndiye funso ndi ili: chiletso chikaikidwa chaka chimene anthu akolola bwino, mlimi wa ku Mchinji chimanga chili mbwee m'nkhokwe, mtengo wagwa, kodi chikadali cha kanthawi? Wachiika ndani, ndipo mlimiyo angachitsutse kuti? Funso ngati limeneli limakutengera mpaka ku PhD. Lina ndi la chiyambi cha katundu. Mu COMESA, njira imodzi yoti katundu alowe osalipira msonkho ndi yoti 35 peresenti ya mtengo wake ikhale yowonjezeredwa m'dziko mwanu. Amene wangolongedza katundu wa ku China m'makatoni ku Limbe sangapeze satifiketi ya chiyambi cha katundu, ndipo mikangano yambiri ya pa boda imayambira pomwepo.

Udziwenso kumene mphepo ikulowera. Malawi ili mu WTO, bungwe loona za malonda pa dziko lonse, kuyambira 1995, koma khoti la apilo la bungweli ku Geneva linaima mu Disembala 2019 chifukwa America inakana kusankha oweruza atsopano. Ntchito yambiri tsopano ili ku AfCFTA, msika umodzi wa Africa, umene unayamba pa 1 Januwale 2021, likulu lake ku Accra. Werenga pangano limenelo lenilenilo, osati zongomva. A tralac, bungwe la malamulo a zamalonda la ku South Africa, amaika zambiri pa intaneti zaulere. Chifalansa uyambe kuphunzira pang'onopang'ono, chimatsegula zitseko ku Geneva ndi ku Accra komwe.

Ngati cholinga ndi kuphunzitsa pa yunivesite, masitazi sikwanira. PhD ndi zaka zitatu kapena zinayi, ndipo umayamba ndi kupeza pulofesa wovomera kukuyang'anira, usanafunsire malo. Umamulembera imelo yaifupi, ndi pepala la masamba ochepa lofotokoza funso lako. Amayang'ana ngati unasindikizapo kanthu, choncho nkhani yako ya chaka chomaliza ija uikonze, uitumize ku magazini ya zamalamulo. Akaibweza ndi zofiira, usakwiye, ndi mmene zimayendera.

Achemwali, ndalama zimene muyenera kusunga ndi zazing'ono izi: pasipoti, tiransikiripiti, SAQA, ndi mayeso a Chingerezi ngati sukuluyo iwafuna. Zimenezo tigawana. Iwe nditumizire CV yako Loweruka lisanafike ndiione. Mupereke moni kwa alamu.